Kalata kwa mwana wanga amene akudikira kuti mitengo ya nyumba igwe

Mwananga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Area 25 kumeneko, iwe, apongozi anga ndi adzukulu anga awiriwo. Kuno ku Ntcheu tadzuka, kungoti bondo la amayi ako layambiranso ndi chinyezichi. Mvula ikugwa bwino, chimanga chamasula ngayaye, ndipo masabata awiri akubwerawa tiyamba kuotcha dowe.

Ndalemba pa pepala, mlongo wako ajambula n'kukutumizira pa WhatsApp. Pa foni umandidula mawu ndisanafike pamene ndikupita, ndipo ine ndikadulidwa ndimapsa mtima n'kuiwala zimene ndimafuna kunena. Apa uwerenga mpaka pamapeto, kenako ukane bwinobwino.

Lamulungu lapitali mkulu wina wa mpingo anandikokera pambali titaweruka, n'kundifunsa ngati ndaona zimene mwana wanga akuuza anthu pa Facebook. Ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa. Madzulo ndinamukakamiza mlongo wako kuti andionetse, ndiye usamukalipire. Ndinavala magalasi n'kuwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mnyamata wina anaika chithunzi cha nyumba yake ya ku Njewa itafika pa lintala, n'kulemba kuti munthu wa zaka zoposa 35 amene akadali pa lendi ndi waulesi. Iwe unamulumphira. Unati ogula mapuloti masiku ano ndi zitsiru zogula dothi pa mtengo wa golide, kuti mitengo imeneyi ndi chikhodzodzo chongopopedwa, chiphulika posachedwa ngati mmene zinachitikira ku America mu 2008, ndipo tsiku limenelo iwe udzagula mosavuta iwo akulira. Ena anakuombera m'manja, ena anakutcha wansanje, wina anakutcha kadeti. Ndinawerenga ndemanga zako 14. Yomaliza unailemba 1 koloko ya usiku itadutsa, tsiku la ntchito.

Ndiyambe ndi pamene ukunena zoona, kuti usaganize kuti ndabwera ndi chikoti chokha. Malipiro ako ndi mtengo wa puloti mu Lilongwe sizionana, ndipo zimenezi si ulesi wako. Ine malo tikukhalawa sindinagule. Ndinapita kwa amfumu ndi malume ako aakulu titanyamula nkhuku, iwo anatuma nduna yawo kukatiloza malire kuyambira pa mtengo wa mpoza kukafika pa chulu, nkhani n'kutha. Zaka zambiri ndisanamange ndinkakhala m'nyumba za aphunzitsi, osadziwa n'komwe nkhope ya landilodi. Ndiye mkulu wa msinkhu wanga akamakuuzani kuti ife tinamanga bwanji inu mukulephera, muzimufunsa kuti malo anagula zingati. Mnyamata wa ku Njewa uja analankhula mwachipongwe, ndipo pamenepo ndili mbali yako.

Koma zoti mitengo igwa, mwananga, ndazimvapo kale, ndipo amene ankazinena ndi ineyo.

Mu 1993 ndinkaphunzitsa cha ku Bwanje. Makoma a nyumba ino anali ataima, njerwa tinaumba tokha ndi amayi ako iwe uli kumsana. Chinatsala ndi denga. Ndinali ndi kandalama m'kabuku ka ku positi, kokwana malata pafupifupi onse amene mmisiri anawerenga. Ndinapita pa boma, wa sitolo ananditchulira mtengo, ine n'kuseka. Nthawi imeneyo n'kuti mayiko otithandiza ataimitsa thandizo kuyambira 1992, riferendamu itachitika mu June, ndipo tonse tinkayembekeza chisankho cha chaka chotsatira. Pansi pa mtengo wa mango kusukulu, pamene tinkaseweretsa bawo tikaweruka, panali mkangano tsiku ndi tsiku. Facebook yathu inali imeneyo. Ine ndinali mtsogoleri wa gulu lonena kuti matipate akangobwera thandizo libwerera, katundu adzadza m'masitolo, mitengo itsika. Ndinkawagonjetsa anzanga onse, poti pakamwa ndinali napo, ngati iweyo. Mphunzitsi wina wofatsa, amene sankatha kuyankha ngakhale mfundo imodzi, anangopita kukagula malata ake n'kuwatsamiritsa kuchipinda kuseri kwa bedi. Tinamuseka.

Mu February 1994 boma linasiya kwacha kuti izidziyendera yokha pa msika. Dola inali pa makwacha anayi ndi theka, koma chaka chisanathe inafika pa 15. Nditabwerera kwa wa sitolo uja, ndalama yanga sinakwane ngakhale theka la malata. Tinafolera ndi udzu. Mabeseni aja ukuwakumbukira, amene amayi ako ankatchera pabalaza mvula ikamagwa usiku, iwe ndi mlongo wako mutaunjikana pakona imodzi youma pa mphasa? Zaka zinayi zimenezo zinachokera pa mkangano umene ndinapambana pa bawo. Amayi ako sanandinenepo, koma usiku wina ndinawaona akufinya bulangete lako panja kuli mdima, osalankhula kanthu, ndipo ndikanakonda akanandilalatira.

Za ku America zija ndinaziwerenga nanenso m'nyuzi nthawi imeneyo. Kumeneko anthu ambiri amagula nyumba ndi ngongole ya ku banki ya zaka makumi awiri kapena atatu. Mabanki anafika pobwereketsa ngakhale anthu amene analibe njira yobwezera. Anthu atayamba kulephera, mabanki analanda nyumba zambirimbiri n'kuziika pa msika nthawi imodzi, ogula kulibe, ndiye mitengo inagwa, mpaka banki yaikulu ya Lehman Brothers inatsekedwa mu September 2008. Chinagwetsa mitengo ndi anthu okakamizidwa kugulitsa. Tsono tayang'ana mumsewu wanu momwemo. Ndi nyumba zingati zimene zinamangidwa ndi ngongole ya ku banki? Zambiri zinakwera pang'onopang'ono: chaka chino maziko, chaka chamawa kufika pa windo, kenako zaka ziwiri udzu ukumera m'zipinda, mpaka mwini wake atalandira penshoni kapena m'bale wa ku Joni atatumiza kangachepe. Munthu wotereyu palibe banki imene ili pakhosi pake. Akasowa wogula pa mtengo umene akufuna, amangoikamo wa lendi n'kumadikira. Amene amagulitsa motchipa ndi amene wapanikizika ndi matenda, maliro, mlandu kapena katapila, ndipo amenewo amabwera mmodzimmodzi, madobadoba n'kuwatola iwe usanamve n'komwe.

Komanso anthu tikuchuluka, dothi silikuchuluka. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo mzinda wa Lilongwe wokha unali utatsala pang'ono kukwana miliyoni imodzi. Ine ndinauona Lilongwe likulu litangosamukirako kuchoka ku Zomba mu 1975, ku Area 25 kwanuko kukadali minda ndi tchire mbali zambiri. Lero anthu akukanganirana malo ku Chitipi, ku Mpingu, ku Nanjiri, kumene kale tinkangodutsa pa basi n'kumaona ng'ombe.

Pali njira imodzi imene mawu ako angapherezere, koma siikuthandiza. Nyumba ikhoza kutsika mtengo ukaiwerengera m'madola, pamene m'makwacha ikukwera. Ndipo iwe umalandira makwacha, umasunga makwacha. Mu May 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tenga cholembera, poti masamu ndinakuphunzitsa ndekha. Tinene kuti munthu anali ndi K5 miliyoni ku banki usiku umenewo. Anagona ali ndi madola oposa 4,200, anadzuka ali ndi osakwana 3,000, chitseko chili chokhoma, wakuba osalowa. Apo ndikunena za mtengo wa ku banki, kumene dolayo sipezeka n'komwe. Wa pa msika wamseri ukuudziwa iwe kuposa ine. Ndipo nyumba, ngakhale imaima pa dothi la Malawi, theka lake ndi dola: chitsulo cha malata ndi cha kunja, misomali, magalasi, mapaipi, mawaya a magetsi, ngakhale mchenga wa mu mtsinje wa Lilongwe umabwera pa lole yomwa dizilo wodzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Womanga akagula zodula sangagulitse motchipa.

Apongozi anga anawauza amayi ako kuti muli ndi ndalama imene mwakhala mukusunga zaka zitatu. Sanatchule kuchuluka kwake, ndipo sindikufunsa. Ndikungofuna upite ku hadiweya ukafunse kuti ndalama imeneyo ikugula matumba angati a simenti lero, n'kuyerekeza ndi mmene ikanagulira tsiku limene unayamba kulemba zoti mitengo igwa. Yankho lakelo usandiuze ine, ukawauze akazi ako. Akuluakulu anati ndionetsetse anathetsa nkhosa. Achibale athu a ku Harare, ana a agogo ako aang'ono amene anapita kukagwira ntchito ku Rhodesia, anaziona zimenezi mopitirira muyezo mu 2008: amene anasunga ndalama ku banki anatsala ndi mapepala a ziro zambirimbiri osagula ngakhale buledi, amene anali ndi kanyumba ku Highfield anatsala ndi kanyumba kake. Sindikunena kuti ifenso tifika kumeneko. Ndikungonena chimene chimatsala madzi akaphwa.

Za ndale ndinena pang'ono, chifukwa ndaona kuti mkangano wanu uliwonse umathera pamenepo. Wina akati simenti yadula, mnzake akuti chifukwa cha chipani chakuti, wachitatu akuti nanga chanu chija chinatani, kenako mwayamba kutukwanizana mitundu ndi zigawo. Ine ndakhala pansi pa maboma onse. Kwacha inasiyidwa pa msika Kamuzu akadali pampando, inagwanso nthawi ya a Muluzi, inagwa nthawi ya mayi Joyce Banda, inagwa nthawi ya a Chakwera. Bingu anaigwira mwamphamvu kuti isagwe, ndipo tinagona pa mizere ya mafuta mu 2011, anthu n'kufa pa zionetsero za pa 20 July. Pansi pa zonsezi pali chinthu chimodzi chosasintha: timagula kunja zoposa kawiri zimene timagulitsa, ndipo chachikulu chimene timagulitsa chikadali fodya yemwe uja wa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Atsogoleri ali ndi milandu yawo, ndipo povota uziikumbukira. Koma usamange chiyembekezo cha denga la ana ako pa chisankho. Ine ndinayesa.

Tsono usamve ngati ndikuti uthamange mawa kukagula chilichonse kuti umutseke pakamwa wa ku Njewa uja. Kumeneko ndiye kugwa chagada. Chithunzi sichinena kuti ndalama inachokera kuti. Ena akumanga ndi mapaundi a mkazi wawo namwino ku Manchester, ena ndi malo a makolo amene anagulitsa abale osadziwa, ndipo Cashgate ya 2013 inatiphunzitsa kuti si mpanda uliwonse wautali umene unamangidwa ndi thukuta. Ena ali pa ngongole yowasowetsa tulo. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo chimene amakulipiritsa iwe ku banki yako chimakhala pamwamba pa pamenepo. Ukabwereka K10 miliyoni pa 30 peresenti, chaka choyamba chokha chiwongoladzanja ndi K3 miliyoni, ngongole yeniyeniyo usanaikhudze. Ndi malipiro akowo, imeneyo ndi goli. Za katapila ndiye sindifuna n'kumva komwe.

Ndipo malo ogula mothamanga amaluma. Izi sindinakuuzepo chifukwa cha manyazi. Nditalandira ndalama zanga zopumira ntchito ndinafuna kukugulirani kapuloti kufupi ndi tauni. Dobadoba wina wovala bwino anandionetsa malo abwino, athyathyathya, n'kundiuza kuti pali anthu ena awiri akubwera ndi ndalama madzulo omwewo. Ndinalipira theka, tinalemberana pa pepala la m'kope, mboni zinali anzake a iyeyo. Nditabwerera patatha mwezi ndi anyamata okalambula, ndinapeza munthu wina akukumba maziko, nayenso ali ndi pepala lake la m'kope, lolembedwa ndi dzanja lomwe lija. Tinayang'anizana ngati atambala awiri, kenako tonse tinangoseka mowawidwa mtima. Pambuyo pake tinamva kuti tinalipo anayi. Ndalama ija sinabwerere. Amayi ako ndinawauza patatha chaka.

Ndiye ukapeza malo, usamve za wogulitsa yekha. Gogoda pa makomo oyandikana nawo ufunse kuti mwini wake ndani, anawapeza bwanji, ndipo abale ake akudziwa kapena ayi. Ngati akuti ali ndi lizi kapena title deed, tenga nambala ya puloti upite nayo wekha ku ofesi ya za malo ndi ku khonsolo ukaone ngati dzina likugwirizana, ndiponso ngati malowo sanaikidwe kuti padzadutsa msewu kapena mawaya. Ngati ndi malo a kwa amfumu, dziwa kuti kuyambira pa malamulo a za malo a 2016 chidindo cha amfumu chokha si mapeto a nkhani. Funsa ku ofesi ya DC kuti kalembetsedwe kake kakuyenda bwanji dera limenelo. Mabikoni uwaone ndi maso ako. Wokuuza kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo, umuuze kuti amugulitse ameneyo. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndili ndi imvi kale.

China: malo aziwonedwa nthawi ya dzinja ngati ino. Mu October dambo lililonse limaoneka ngati bwalo la mpira. Anthu a ku Mtandire akudziwa zimene Lingadzi amachita akakwiya, ndipo zimene zinachitika ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 sindikufuna kuzibwereza. Puloti yotchipa kwambiri imakhala ndi chifukwa chake.

Pali chinanso chimene chikundidetsa nkhawa pa zolembalemba zakozi. Pa ndemanga ina unatchula munthu dzina n'kumunena kuti nyumba zake ndi za ndalama zakuba. Kaya ndi zoona kaya ayi, umboni ulibe. Pali lamulo la 2016 loona za pa intaneti, ndipo anthu agonapo m'chitokosi chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Pansi pa mtengo wa mango paja mawu athu ankapita ndi mphepo; akowa akukhala, ndipo abwana ako amawerenga, landilodi wako amawerenga, mkulu wa mpingo wa ku Ntcheu amawerenga. Imeneyo ukaifufute lero.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi si mkulu wa mpingo uja. Ndi Khirisimasi yapitayi. Amayi ako anapha tambala wawo wamkulu, nsima ili pa tebulo, tapemphera, iwe foni ili m'manja, chala chikuthamanga, nkhope itakwinyika ngati ukumenyana ndi munthu. Mdzukulu wanga wamkulu anabwera ndi pepala limene anajambulapo nyumba ya mawindo anayi ndi mtengo wa mapapaya pambali, n'kukufunsa kuti adadi, yathu idzakhala chonchi? Unayankha kuti eya, eya, osadzutsa mutu. Mwanayo anaima pang'ono, kenako anapita kukawaonetsa agogo ake kukhitchini. Apongozi anga anayang'ana pansi. Nsima yako unadya itazizira. Pepalalo lili kuno, amayi ako analimata pa khoma pafupi ndi kalendala.

Ndikudziwa chimene chimakusunga pa foniyo mpaka usiku. Munthu ukamaona kuti chinthu chikukuthawa chaka ndi chaka, pamakhala kampumulo kena ukapeza anzako zana okuvomereza kuti si vuto lako, ndipo tsiku lina dziko lidzakupepesa. Ine kampumulo kameneko ndinkakapeza pa bawo. Kamakoma, ndipo mawa lake umakafunanso. Nawonso a mbali inayo amafuna wowauza kuti sanalakwitse kudzimangirira pa ngongole. Nonsenu mukufuna kutonthozedwa, n'chifukwa chake palibe amene anasinthapo maganizo pa zaka zitatu zonsezi, kupatula kuti bandulo ikutha ndipo lendi yakwezedwa kawiri.

Maganizo anga ndi awa, ukakambirane ndi akazi ako, poti ndalamayo ndi ya nonse ndipo iwo mutu wawo ndi wozizira kuposa wako ndi wanga. Musafune za ku Area 47 kapena 43, kumeneko kuli eni ake. Funani kapuloti ka mapepala oyera kumene minibasi imafika, ngakhale kutalike. Mukakapeza, musayambe ndi nyumba ya pa chithunzi. Yambani ndi chimbudzi ndi kaboizikota ka zipinda ziwiri kumbuyo kwa puloti, mulowemo ngakhale musanapake pulasitala, ndipo ndalama ya lendi ija izipita ku njerwa za nyumba yaikulu. Anzako a pa Facebook adzaseka, asiye aseke. Ndalama ikapezeka muzigula zimene sizionongeka: malata, mafelemu a zitseko ndi mawindo, zitsulo. Simenti yokha musasunge, imauma m'thumba miyezi ingapo ikadutsa, makamaka dzinja. Muzigula mmisiri ali pamalo. Ndipo ngati mutawerengera bwino n'kuona kuti chaka chino sizitheka, palibe manyazi kukhala pa lendi. Koma chikhale chifukwa cha masamu anu a pa tebulo, osati chifukwa ukudikira tsiku lodzamuseka wa ku Njewa.

Mabulugamu aja ndinadzala kumunda kwa kudambo akula, akwana mitengo ya denga la zipinda ziwiri n'kutsalako. Ndi ako. Mlongo wako ndakambirana naye, wavomera, iye adzatenga mbuzi.

Loweruka la pa sabata ya mawa ndikwera basi ya m'mawa, ndidzatsikira ku depoti cha m'ma 10 koloko. Mwana wa mnzanga amene tinkaphunzitsa limodzi, uja wa malata kuseri kwa bedi, akukhala ku Mpingu ndipo akuti kuli malo awiri amene eni ake akuwadziwa kuyambira kale. Sitikukagula, tikukangoona ndi kufunsa. Apongozi anga abwere nawo. Uvale nsapato zoti zidetsedwe, ndipo ndikupempha kuti mvula ikagwa Lachisanu usiku usadandaule, ndi imene tikufuna. Amayi ako akuti akupatsira mbatatesi ndi nkhwani, ndiponso akufunsa ngati wamng'ono uja chifuwa chinasiya.

Ndine bambo ako.